Wometa m'Khola la Anapiye

Ine ntchito yanga inali yometa anthu, koma kunena zoona kumetako kunali kongonamizira. Chimene chinkandidzutsa m'mawa ndi mkangano. Munthu akangokhala pampando wanga, nsalu ili m'khosi, mutu wake uli m'manja mwanga, ndinkamuputa dala: za mpira, za mvula, za ukwati, chilichonse. Iye akati chakuda, ine ndinkati choyera. Pabenchi la odikira pankadzaza anthu oti sanabwerere kudzameta n'komwe, ena a dazi loti mbee, ongobwera kudzatsutsana ndi a Lumo. Dzina limeneli anandipatsa chifukwa cha pakamwa panga, osati chifukwa cha chitsulo cha m'manja.

Mkulu wa otsutsa onse anali a Chipewa, dalaivala wa basi wopuma ntchito. Chipewa chawocho ankavula pokhapokha makina akafika pakati pa mutu, n'kuchivalanso ndisanawasase tsitsi m'khosi. Timu yawo ya mpira ndi timu yanga sizinkamwerana madzi. Tinanyozana za matimu amenewa kuyambira ana athu akukwawa mpaka anawo anakwatira n'kusamukira kutali, ndipo palibe tsiku limene mmodzi wa ife anagonjapo.

Ndiye kunabwera chifuwa. Poyamba ndinkati ndi fumbi la tsitsi. Kenako ndinayamba kudula mawu pakati kuti ndikoke mpweya, a Chipewa n'kumandilanda nkhani pomwepo, mbala yachabechabe. Akazi anga atandikokera kuchipatala, anandijambula, anatengako kanyama m'chifuwamu, ndipo tsiku lina anatiitanira m'kachipinda kokhala ndi bokosi la mapepala opukutira misozi patebulo. Nditangoona bokosilo ndinadziwa kuti nkhani si yabwino.

Adokotala anali mayi wachitsikana, wamawu odekha, wosadziwa kuzungulira.

"Bambo, ndi khansa ya m'mapapo, ndipo yafika kale kuchiwindi. Opaleshoni singathandize. Tizikupatsani mankhwala amitundu iwiri pamodzi, a m'diripi, mukapume milungu ingapo, kenako mubwerenso. Sindikunamizani kuti mankhwalawa achotsa matendawa. Ntchito yake ndi kufooketsa chotupacho kuti muzipuma bwinoko, komanso kukuwonjezerani masiku."

"Masiku angati?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa. Amene angakuuzeni nambala akukunamizani."

Ndinafuna kuwatsutsa, mwachizolowezi, koma ndinasowa pogwira.

Anamwino ndi amene anatipatsa malamulo. "Mankhwala awiriwa akaphatikizana amamenya chotupa mwamphamvu, koma thupi nalo limamva nawo. Mtundu umodzi umalemetsa impso, ndiye muzimwa madzi ambiri. Mitundu yonse iwiri imachepetsa asilikali a m'magazi, makamaka mlungu wachiwiri mukalandira. Nthawi imeneyo kachimfine wamba kangathe kukugonetsani m'chipatala. Muzisamba m'manja, muzipewa odwala ndi malo othithikana. Thupi likangotentha, musamwe panado n'kufunda bulangete ayi, thamangirani kuno."

Ine mutu unali kwina. Koma akazi anga ankangogwedeza mutu ngati akumva nyimbo yoti anaiimbapo kale.

Mayi amenewa moyo wawo wonse agwira ntchito kufamu ya nkhuku, m'makola a anapiye ongoswedwa kumene. Kumeneko mlendo saloledwa. Pakhomo la khola pamakhala beseni la mankhwala loviikamo jombo, wantchito wa khola ili saponda khola linalo, ndipo amene wadzera pamsika amabwezedwa pageti ngakhale atakhala bwana. Ali mtsikana anaonapo khola lathunthu likutha psiti ndi chitopa chimene chinalowa ndi nsapato za munthu wongodzaona, ndipo iwo ndi amene ankawola anapiye akufawo ndi fosholo. Ndiye anamwino atati asilikali a m'magazi achepa, akazi anga anangomvapo chinthu chimodzi basi, chakuti mwamuna wawo wasanduka mwanapiye.

M'mawa mwake nditalandira diripi yoyamba, ndili mkati molimbana ndi nseru, nyumba yonse inali fungo la kolorini lokhalokha. Pakhomo panali beseni. Anandisamutsira kuchipinda chakumbuyo, chimene ankagona ana kale, chimene windo lake limayang'ana khoma la aneba. Makatani anachotsa, ati amasunga fumbi. Kapeti anachotsa. Ndinali ndi mbale yangayanga, kapu yangayanga, sipuni yangayanga. Iwo eni ake anasiya kugona nane, ati poti amapita kumsika. Akamalowa kwa ine ankayamba asintha zovala n'kuvala masiki, kundilowetsa kachipangizo koyezera kutentha m'khwapa, kukayang'ana, n'kutuluka. Nkhope ya mkazi wanga ndinayamba kuiona kuyambira m'maso kupita m'mwamba basi.

Alendo anabwera, inde, masiku oyambirira. Amayi a kutchalitchi anabwezedwa pageti, anangoimbira nyimbo imodzi kunja kwa mpanda n'kumapita. Mng'ono wanga anasiya jumbo la malalanje pakhomo, ndipo malalanjewo anasambitsidwa ndi sopo asanandifike. Kenako tsiku lina masana ndinamva mawu amene ndinkawadikira.

"Odi kuno! Wabodza uja mwamubisa kuti?"

Ndinadzuka n'kukhala pabedi, yankho ndili nalo kale pakamwa.

"Akugona, alamu," anatero akazi anga. Bodza la masanasana.

"Kawadzutseni. Timu yawo yakwapulidwa dzulo, ndabwera kudzawapepesa bwinobwino."

Pamenepo a Chipewa anakhosomola. Kanali kachifuwa kawo kakalekale ka utsi wa basi, koti ndakhala ndikukamva zaka zonsezi.

"Iii, ndi chifuwa chimenecho? Mwabwera kudzandiphera munthu? Bwererani, chonde, ndipo mukawauze anzanu onse a pabenchi paja kuti kuno kulibe kulowa."

Ndinayesa kukuwa kuti alekeni alowe, koma mpweya unandithera panjira. Chimene chinatuluka ndi kamluzu. Ndinangomva geti likutsekeka.

Atabwera ndi chakudya ndinawalandira ndi moto. "Inu, munthu uja ndi mnzanga!"

"Mnzanuyo akakusiyirani chibayo, adzakugonerani ndani kuchipatala?"

"Ine si nkhuku!"

"Mukanakhala nkhuku bwenzi ndikupuma. Nkhuku imamva. Idyani."

Uthenga uja a Chipewa anaufikitsa, ndipo anthu anamvera. Komanso poyenda pakamwa ndi pakamwa unasintha. Ena anayamba kunena kuti a Lumo ali ndi chifuwa chopatsirana, n'chifukwa chake pakhomo pawo pali beseni la mankhwala. Ana a aneba mpira wawo ukagwera m'mpanda mwathu ankangousiya. Foni inkalira masiku oyamba, koma pafoni munthu amangofunsa kuti mwadzuka bwanji, iwe n'kuyankha kuti pang'onopang'ono, kenako nonse zii, mpaka wina n'kunena kuti tikupemphererani. Ana athu ankaimba Lamlungu, koma ankalankhula kwambiri ndi mayi awo. Ine ndinkangomva kukhitchini akunena kuti, "Ayi, sanatenthepo thupi."

Abale inu, kusungulumwa kumapweteka kuposa singano. Ndikunena ine amene mitsempha ya m'mikono yatha ndi kubayidwa. Ndinkadzuka, kumwa madzi amene ankamveka ngati ndanyambita khobidi, kuyang'ana khoma la aneba. Ndinafika podziwa mng'alu uliwonse pakhomalo. Panali buluzi wina wodukaduka mchira amene ankabwera kudzaothera dzuwa, ndipo tsiku limene sanabwere ndinadandaula ngati ndi m'bale wanga. Wailesi ndinali nayo, koma wailesi ukaitsutsa imangopitiriza zake.

Tsitsi litayamba kusosoka n'kumatsala papilo, ndinati wometa sangayende ndi mutu wa zigamba. Ndinatenga makina anga n'kuima pagalasi la kubafa. Zala zinali zitachita dzanzi ndi mankhwala aja, moti makinawo ndinkawaona ndi maso kuti ndawagwira, koma m'manja osawamva. Ndinadzimeta choncho, mokhotakhota. Ndiye pakati pometa ndinadzipeza ndikumufunsa munthu wa m'galasiyo kuti, "Nanga bwana, mvula ya chaka chino mukuiona bwanji?" Anangondiyang'ana, wopanda nsidze, masaya atalowa. Ndinazimitsa makina n'kukhala pansi m'bafamo, n'kulira ngati mwana.

Mudzaseka, koma tsiku la diripi ndi limene linkandikomera. Ndinkadziwa kuti mawa lake ndisanza mpaka ndulu, komabe kunali anthu. Amayamba akutenga magazi kuti aone ngati asilikali abwerera ndiponso ngati impso zili bwino. Zikakhala bwino amakukhazika pampando wautali, kukuyamba ndi madzi a m'diripi, kenako anamwino amabwera atavala magolovesi ndi chovala chapulasitiki, atanyamula matumba awiri aja mosamala ngati makala amoto. Amakufunsa dzina kawirikawiri, n'kumawerengerana ndi mnzawo zolembedwa pathumba asanalikoloweke. M'chipindamo munali mipando yambiri, ndipo ine ndinkaona mitu yokhayokha yofunika kucheza nayo. Koma akazi anga ankafika msanga n'kundigwirira mpando wapakona. Tsiku lina mkulu wina woyandikana nane, wa thumba lofiira, anandifunsa kuti, "Inunso ndi ya m'mapapo?" Ndisanatsegule pakamwa, katani linakokedwa pakati pathu, fwaa.

Pamene tinkapita kukamva zotsatira, atandijambulanso, ndinali nditaganiza kale zochita.

Adokotala anatilandira akumwetulira. "Nkhani ndi yabwinoko. Chotupa chachepako, ndipo cha kuchiwindi sichinakule. Magazi ali bwino. Simunatenthepo thupi ngakhale kamodzi. Mayi, mukuwasamala bwino bambowa."

Akazi anga anawongola msana, maso akuwala pamwamba pa masiki.

"Adokotala," ndinatero, "mankhwalawa ndasiya."

Onse awiri ananditembenukira.

"Akukupwetekani kwambiri? Nseru tingathe kuisinthira mankhwala, dzanzi nalo—"

"Nseru ndi yanga, ndithana nayo. Munati mankhwalawa ndi ondiwonjezera masiku. Chabwino, masikuwo ndawaona. Ndi masiku a khoma ndi buluzi. Chiyambire diripi sindinakhalepo m'chipinda chimodzi ndi mnzanga, mng'ono wanga sindinamugwirepo chanza, mkazi wanga yemwe ndaiwala kuti mano ake ndi otani. Ngati mankhwala anuwa amaletsa anthu, atengeni. Bola masiku ochepa ndili pakati pa anthu."

Adokotala anaika cholembera pansi. "Ndani anati amaletsa anthu?"

Ndinatembenukira kwa akazi anga.

"Bambo, tinati mupewe amene ali ndi chimfine kapena akutsegula m'mimba, ndi malo othinana, makamaka masiku amene asilikali atsika. Mlendo wabwinobwino akasamba m'manja angathe kukhala nanu, kudya nanu, kuseka nanu. Mlungu womaliza musanabwerenso kuno mungathe kuyenda, kukaona anzanu. Ndipo mayi, matenda ambiri amene timawaopa nthawi imeneyi amachokera m'thupi mwawo momwemo, m'kamwa, m'matumbo, pakhungu. Geti silingawatsekere kunja. N'chifukwa chake timalimbikira zakuti thupi likatentha athamange."

Akazi anga anangoyang'ana chikwama chawo pamiyendo.

Tinatuluka. Pakhonde lalitali la chipatala ndinafunika kupuma, ndiye tinakhala pabenchi pafupi ndi mulu wa njinga za odwala. Ndinali nditakonzeka kuwasambitsa chokweza, kuti mwamva nokha, anamatetule inu. Koma anayamba ndi iwo.

"Zimene anena adokotala ndinazimva tsiku loyamba lomwe."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Kufamu khola likatha, bwana ankaitanitsa anapiye ena Lolemba. Inu ndikakuitanitsani kuti?" Anavula masiki n'kupukutira m'maso. Pamphuno panali mzere wofiira, ndipo nkhope yonse inali itatha. "Mukuganiza kuti ine ndimacheza ndi ndani? Kutchalitchi ndinasiya, kuopa kukutengerani chimfine. Ndimadya ndekha chiimirire kukhitchini, n'kumamvetsera ngati mukupuma."

Ndinangowagwira dzanja, ngakhale zala zanga sizinkamva kanthu. Tinabwerera kwa adokotala n'kuwauza kuti mankhwala tipitiriza.

Beseni linachoka pakhomo tsiku lomwelo. Geti linakhala chitsegukire. Koma anthu akazolowera kulambalala nyumba, sabwerera chifukwa choti geti latseguka. Tinadikira, osabwera munthu. Ndiye mlungu wabwino utafika, uja womaliza ndisanapite ku diripi ina, ndinavala malaya anga oyera, lamba ndinabowola bowo lina, n'kunena kuti ndikupita kushopu.

"Ndikuperekezeni?"

"Ayi. Mukawabalalitsa."

Msewu wake ndi womwe ndayenda moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo unatalika. Ndinapuma pa wosoka nsapato, ndinapumanso pasitolo ya zitsulo. Ndisanakhote pakona ndinamva phokoso la pashopu, mawu a a Chipewa ali pamwamba pa onse, wina akumenya benchi ndi dzanja. Ha! Mwazi unayenda m'thupi. Ndinaima kaye kuti ndisunge mpweya wokwanira chipongwe chimodzi chabwino.

Nditangoponda pakhomo, phokoso lonse linazima ngati magetsi.

Mlamu wanga, amene ndinamusiyira shopu, anazimitsa makina mutu wa munthu uli theka. Anthu a pabenchi anaimirira onse. Wina anathamangira kukatenga mpando, wina anaupukuta ndi mpango wake, wina anachepetsa wailesi. Ndipo a Chipewa, a Chipewa enieniwo, anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"A Lumo. Khalani, khalani. Mukupezako bwanji?"

"Ndili gwa. Matenda anga sapatsirana, musaope."

"Ayi, ayi, tikudziwa. Mulungu ndi wamkulu."

"Wamkulu ndithu," anavomera onse.

Ndinakhala pansi. Ankandiyang'ana pamutu, kenako n'kuthawitsira maso pansi. Ndinati dikirani, ndikudziwa pokanda. Ndinakoka mpweya wonse umene ndinasunga uja.

"A Chipewa, ndamva kuti timu yanu ija yagula goloboyi wakhungu. Komanso bola wakhunguyo, amene munali naye uja ankagwira mpira ngati akulandira mwana wa eni ake. Timu imeneyo sinawinepo chikho chilungamo chibadwire. Zonse munkagula kwa oimbira."

Mawu amenewa kale akanagwetsa denga. A Chipewa akanaimirira pabenchi, akananditchula mayina a nyama zonse, akanalumbira kuti sadzapondanso pashopu panga, mawa lake n'kulawirira. Ndinaona mlomo wawo ukunjenjemera, yankho lafika kale. Kenako anandiyang'ana m'khosi, mmene kolala ya malaya inkalendewera, n'kumeza malovu.

"Mukunena zoona, achimwene," anatero motsitsa. "Timu yathu ija ilibe nzeru."

"Zoonadi," anatero wina. "A Lumo amaudziwa mpira."

Ndinayesanso. Ndinati chaka chino mvula sinagwe n'komwe, pamene kunja matope anali asanaume. Anagwedeza mitu, ati yavutadi. Ndinati mlamu wangayu amameta bwino kuposa ine. Pamenepo pokha anatsutsa, koma mwaulemu, onse pamodzi, ngati mmene amayamikirira munthu pamaliro ake.

Ndinakhala pang'ono, kenako ndinati ndatopa. Mitima yawo inakhala pansi, ndinawaona. A Chipewa anandiperekeza mpaka pakona atandigwira pachigongono, akundichenjeza za miyala. Posiyana anati, "Tizibwera kudzakuonani." Nditayenda pang'ono ndinamva kumbuyo phokoso likuyambiranso, pang'onopang'ono, kenako wina anaseka kwambiri.

Kuchipinda kuja ndinkati anditsekera anthu kunja. Koma pashopu paja, pakati pa anzanga, m'pamene ndinakhala ndekha zenizeni.

Ndinafika kunyumba. Akazi anga anali pabalaza, pomwe anali atabwezera bedi langa kuti ndiziona msewu. Anandithandiza kuvula nsapato, kundigwira pachipumi, n'kupita kukhitchini. Anabwera ndi tiyi.

"Anzanu ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Mwakangana?"

Ndinamwako tiyi pang'ono n'kuika kapu pampando.

"Tiyi ameneyu ndi madzi otsukira mbale," ndinatero. "Ndipo si lero lokha. Inu chikwatirane chathu simunaphikepo tiyi womveka. Ndinkangopirira."

Ndinaona moto ukuyaka m'maso mwawo, dzanja likupita m'chiuno. Kenako anandiyang'ana mmene anandiyang'anira a Chipewa, dzanja lija n'kutsika. Anatambasula mkono kuti atenge kapu.

"Pepani, bambo. Ndikaphika wi—"

"Inunso?" Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono. "Chonde, mayi. Inunso ayi."

Anaima chomwecho, kapu ili m'manja, akundiyang'anitsitsa. Mayi amene uja sachedwa kumva. Anabweza kapu pampando mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira.

"Madzi otsukira mbale? Inu? Zaka zonsezi mumamwa makapu awiriawiri ndi pakamwa pa ndani? Munthu woti ngakhale kuwiritsa madzi simudziwa, munapsereza ketulo yanga yatsopano muli pakhomo kukangana ndi wogulitsa makala! Lilime lanu ndi limene lafa ndi mankhwala, musanamizire tiyi wanga!"

"Ketulo ija inali yobooka kale."

"Bodza! Bodza lenileni! Wabodza inu, nkhalamba yopanda manyazi!"

Ankakuwa choncho misozi ikutsika m'masaya, osaipukuta, chala chili pamphuno panga. Ine ndinatsamira pilo n'kumayankha pamene mpweya walola. Pamene sunalole, ankandidikira nditsirize kukhosomola, kenako n'kupitiriza pomwe analekezera. Tiyi uja ndinamwa yense, ngakhale anali atazizira.